Ndatsika Khwekhwelere ndi matabwa a boti la alamu

Lolemba

Tinanyamuka pa boma la Dedza kusanache, chifunga chitakuta phiri lonse. July wa kwathu mukumudziwa, kuzizira kwake kolowa m'mafupa. Ine majekete awiri, adalaivala chipewa chofika m'makutu. Kumbuyo kwa lole kunali matabwa 34 a mbawa ndi 10 a paini, amene tinapakira dzulo madzulo.

Matabwawa ndi a alamu anga, amuna awo a achemwali. Amakhala kunyanja m'dera la Inkosi Kachindamoto ndipo ali ndi chilimira, khoka logwirira usipa. Boti lawo lakale latopa, moti mnyamata wokapa madzi sapuma usiku wonse. Chaka chatha anandipempha kuti ndiwasakire matabwa, poti ndine kalipentala ndipo ndatha zaka 22 ndikukhoma zitseko, mabedi, mafelemu ndi mabokosi a maliro. Ndinapeza mtengo wa mbawa umene unagwa ndi mphepo pamunda wa agogo ena m'mbali mwa Linthipe. Mbawa ndi mtengo wotetezedwa, ndiye ndinayamba ndatenga chilolezo kwa a zankhalango. Anyamata awiri anaucheka padzenje, wina pamwamba wina pansi, ndipo matabwawo akhala akuuma pamthunzi m'shedi mwanga miyezi 8.

Ambiri mukamva Dedza mumaganiza za kachewere, mbiya zoumba ndi zojambula za m'mapanga a Chongoni. Komatu boma lathuli lili ndi nyanja. Kuti uifike umatsata M1 kulowera ku Ntcheu, kudutsa mphambano ya Bembeke, n'kukhotera kumanzere pa Masasa. Apo ndiye pamayambira Khwekhwelere. Msewu umapindika ngati njoka yomenyedwa, adalaivala giya yoyamba, matabwa kumbuyo akulira pakona iliyonse. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pa mamita osakwana 500, ndipo kutsika konseko umakumva m'makutu. Jekete yoyamba ndinavula tili pakati pa phiri, pamene nyanja inaonekera chapatali ngati lata latsopano. Yachiwiri ndinavula pa Golomoti, titaona malambe ndi mizere ya masola opangira magetsi.

Kuchoka pa M5 tinalowa msewu wafumbi wodutsa m'minda ya mpunga yokololedwa kale. Fungo la usipa wa pathandala linatilonjera tisanaone madzi. Achemwali anatilandira ndi nsima ya kampango. Ndikulemba pano mwera ukuwomba, mafunde akumveka ngati mvula ya padenga, ndipo asodzi onse agona kumtunda.

Lachiwiri

Ndimayembekezera shedi ya malata ndi benchi. Ndapeza mtengo wa mango, mchenga, utuchi, ndi maboti atatu pansi pake. Lina latsala pang'ono kutha, lina ndi lakale lofuna zigamba, ndipo la alamu langokhala mafupa okhaokha, ngati nsomba yaikulu imene ana adya n'kusiya minga.

Amisiri ake ndi bambo wachikulire, wa imvi, wosachedwa kuseka koma wochedwa kuyankha. Titapatsana moni anapita kumulu wa matabwa. Thabwa lililonse analiimika, kutsinzina diso limodzi n'kuliyang'ana m'mphepete, kuligogoda ndi chala, ena mpaka kuwanunkhiza. Asanu anawaika pambali.

"Bambo, awa alakwa chiyani?" ndinafunsa.

"Onani choyera ichi," anatero akuloza mnofu wa kunja kwa mtengo umene unatsalira m'mbali mwa thabwa. "Ichi ndi ndiwo ya madzi. Chimayamba kuola ndi chimenechi. Ife timafuna mtima wofiirawu. Nayo mfundo iyi, lero yakhala bwino, koma ikadzagweruka ndi khomo."

Pachitseko, thabwa lotero ndimalitembenuzira kumbuyo, kupaka vanishi, mwini wake n'kuligwiritsa ntchito mpaka adzukulu. Pano cholakwika chimabwera ndi madzi usiku, anthu 10 ali pakati pa nyanja. A paini aja anati akhala mipando ndi pansi popondapo basi, chifukwa paini sachedwa kufumbwa akamanyowa n'kuuma tsiku ndi tsiku.

Pepala lojambulapo botili palibe. Miyeso ili m'mutu mwawo ndi pa kandodo kolembedwa mizere ndi mpeni. La alamu ndi la mafiti 26, pafupifupi mamita 8. Anandilongosolera mmene anayambira masabata atatu apitawo. Choyamba ndi msana, mtanda umodzi wautali wopanda cholumikiza, wogonekedwa pazipika ndi kuwongoledwa ndi chingwe. Msana ukakhota pang'ono, boti lidzakhala likukokera mbali imodzi moyo wake wonse. Kutsogolo amalumikiza mphuno, modula mopendekera kuti mitengo iwiriyo igonerane, n'kumanga ndi mabawuti. Kumbuyo amaimika thabwa lochindikala lonyamula injini. Kenako nthiti zitatu za pakati, ndipo pa nthitizo amakhomerera timatabwa topyapyala kuchokera kumphuno kukafika kumbuyo. Timatabwato ndi timene timaonetsa mimba ya boti. Amisiri amaima chapatali, kuyang'ana, kusuntha kamodzi pang'ono, kubwereranso kukayang'ana, mpaka diso litavomera.

Chimene chandigwira mtima lero ndi mulu umene unali kuseri kwa mango: nthambi zokhota, mphanda, zigongono za mitengo. Kwathu zimenezi ndi nkhuni. Ndinafunsa ngati n'zowotchera phula. Anyamata awo anayang'anana, koma amisiri sanaseke.

"Funsani ndithu, bambo. Safunsa anadya phula."

Anatola kachidutswa kokhota kamene mnyamata wina anacheka kuchokera m'thabwa lowongoka, anakatsamiritsa pachipika n'kukaponda kamodzi. Thyo! Kenako anatenga china chofanana nacho kukula, chosemedwa kuchokera ku nthambi imene inamera yokhota. Anachiponda, anakwerapo ndi miyendo yonse iwiri, anadumphapo. Sichinalire n'komwe. Anandipatsa zonse ziwiri kuti ndione. M'chothyokacho mitsempha ya mtengo inali yodukaduka, sowo itaidutsa chopingasa pamene pali kona. M'chinacho mitsempha inayenda ndi kona kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, ngati chingwe chopota. Mphepo ndi kulemera kwa nthambi zinaipinda kwa zaka zambiri, mtengo n'kumalimbitsa pomwepo.

Zaka 22 ndakhala ndikusankha chowongoka, chokhota ndikupatsa amayi kukhitchini. Usiku uno kachidutswa kaja kali pambali pa mkeka wanga.

Lachitatu

Nthiti zinaperewera zisanu ndi imodzi, ndiye lero tinapita kokasaka. Tinakwera ngolo ya ng'ombe kulowera kumtunda, mbali ya ku Mua. M'nkhalango ya Mua-Livulezi simulowa nkhwangwa, ndi yotetezedwa, choncho amisiri anali atagwirizana kale ndi mwini munda wina komanso anyakwawa.

Chida chachikulu cha ulendowu ndi waya. Dzulo madzulo anatenga mawaya asanu ndi limodzi, aliyense n'kumupinda motsatira mkati mwa timatabwa tija pamalo pamene nthiti idzakhale. Lero mnyamata amakwera mumtengo ndi waya m'kamwa, kumugoneka pa nthambi iyi, pa iyo, amisiri ali pansi khosi chagada. "Iyayi, yatseguka kwambiri. Pita ku inayo. Tembenuza. Imeneyo!" Tinayendera mitengo yoposa 20 kuti tipeze nthambi zisanu ndi imodzi. Sanagwetse mtengo ndi umodzi womwe. Amadula nthambi yokhayo, thunthu n'kulisiya.

Pobwerera anandiuza za mitengo. Mbawa amaikonda chifukwa imapereka matabwa aatali ndi otambalala. Mlombwa suvuta kusema ndipo sufufuma kapena kunyala kwambiri. Chonya, wa m'mbali mwa mitsinje, ndi wolemera koma madzi samutha msanga. Kale ena ankakhoma maboti ndi mkungudza wa ku Mulanje, umene lero watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Bulugama alipo wambiri, ena akumugwiritsa ntchito, koma amang'aluka ndi kupotoka akamauma. "Ndili mnyamata," anatero, "mtengo wa bwato timaugwetsa m'mawa, madzulo tamva kale fungo la nyanja. Lero matabwa akuchokera kwa inu ku Linthipe."

Mawu amenewa anandilasa, chifukwa matumba a makala amene ndinawaona dzana ali ndanda m'mbali mwa Khwekhwelere akuchokera m'mapiri omwewa, ndipo ena mwa iwo amathera pa mbaula za kwathu ku boma.

Tinapatukira pa Mua kukamwa madzi. Mishoniyi anaiyambitsa ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zachikhalidwe a KuNgoni anawatsegula bambo Claude Boucher Chisale mu 1976. Osema ziboliboli a pamenepa nawonso amayamba ayang'ana mmene mtengo wakhotera asanauguse ndi tchizulo. Sitinakhalitse, ng'ombe zinali ndi ludzu la kwawo.

Pafupi ndi gombe tinapeza bambo wina akusema bwato pa chipika cha mango. Nkhwangwa yatha ntchito yake, tsopano ali mkati ndi kasemasema, kugogoda khoma ndi chala kuti amve kuchindikala kwake. Zipalapala zinamufika m'mawondo. Mtengo wonse uja, gawo lalikulu lathera pansi, n'kutsala bwato la anthu awiri kapena atatu. Mtengo womwewo utachekedwa ungatulutse matabwa ochuluka. Koma bwato silifuna msomali kapena injini, ndipo wosauka amayambira pomwepo. Ngakhale chilimira cha alamu sichingagwire usipa popanda kabwato ka siginala, msodzi wokopa usipa ndi nyali usiku.

Lachinayi

Tsiku la moto. Matabwa anayi anagona m'nyanja usiku, atapsinjidwa ndi miyala. M'mawa anyamata anasonkha moto wa zipalapala m'kangalande kakatali, anapaka thabwa loyamba oyilo wakutha wa injini, n'kuyamba kuliyendetsa pamwamba pa malawi, uku ndi uku, osalola kuti lipse. Nthunzi inayamba kutuluka m'thabwamo. Amisiri amaligwira ndi chikhatho, kuchotsa, kuligwiranso. Mwadzidzidzi: "Tiyeni!"

Thabwa loyamba, logundana ndi msana, ndi limene limavuta kuposa onse. Pakati pa boti limagona chafufumimba, koma likamafika kumphuno liyenera kupotoka mpaka kuima chilili. Tinalinyamula anthu anayi likutentha m'manja, kulipanikiza pa nthiti za pakati, kenako mnyamata anamanga mtengo kunsonga kwake n'kuyamba kupotoza pang'onopang'ono. Thabwa limalira ngati chitseko chakale. Aliyense anali chete. Kutentha ndi chinyezi zimafewetsa mtengo kwa kanthawi kochepa, ukazizira umagwira mmene waupindiramo. Ukachedwa wauma, ukafulumira wathyoka. Thabwa lachitatu linathyokadi, pamene panali kamfundo kamene tonse sitinakaone. Alamu anagwira kumutu. Amisiri anangoti, "Kuli bwino lathyokera pano," n'kuitanitsa lina.

Amakhoma mosinthana, limodzi kumanja, limodzi kumanzere, kuti mphamvu ya matabwa opindidwa isakokere mafupa mbali imodzi. Ndipo palibe thabwa limene limalowa lili lowongoka m'mphepete. Mimba ya boti ndi yaikulu pakati, yaing'ono kunsonga, ndiye thabwa lililonse limasongoka kumapeto, m'mbali mwake mokhota ngati tsamba la nthochi. Amaligoneka pa linzake, kulemba ndi pensulo, kulitsitsa, kupala, kuliyesanso. Lina linakwera ndi kutsika kasanu.

Masana anandipatsa puleni. Ndinapala m'mphepete mwa thabwa mmene ndimachitira, sikweya yeniyeni, moti pepala silingalowe. Anayendetsapo chala n'kupukusa mutu. "Mwapala bwino, bambo, koma mwatseka njira ya thonje." Matabwa a boti amakumana mkati, kunja n'kusiya kampata kopyapyala kotseguka ngati mlomo wa nsomba. Anandigwira dzanja n'kupendeketsa puleni pang'ono. Thabwa lachiwiri ndinalipala ndekha ndipo linalowa.

Msomali sulowa osaboola kaye, kuopa kung'amba thabwa. Amagwiritsa ntchito misomali yokutidwa, yosachita dzimbiri msanga. Mmodzi amakhoma kunja, mnzake ali mkati ndi chitsulo, ndipo nsonga ikatulukira pa nthiti amaipinda n'kuibwezera mumtengo kuti igwire ngati mbedza. Amisiri amadana ndi misomali wamba ya denga. Anandionetsa pa boti lakale lija: pamene panali msomali wotero pali bowo lakuda, dzimbiri litadya chitsulo ndi mtengo womwe. Eni maboti ena amaumirira yotchipayo. Ndalama zake ndi zovuta, ndikudziwa, koma pamenepa ine ndili mbali ya amisiri.

Lachisanu

La alamu lafika matabwa anayi mbali iliyonse, ndipo latsala ndi masabata ena. Lero ntchito inasamukira pa boti lija lotsala pang'ono kutha. Analitembenuza chafufumimba. Anyamata anakhala pamchenga akupota thonje pantchafu kukhala zingwe zofewa, ena akulilowetsa m'mipata ndi tchizulo chobuntha ndi nyundo yamtengo. Kulira kwake n'kosiyana: pamene thonje lakwana imati "ti, ti", pamene lachepa imati "pu, pu". Amisiri amamva ali kutali, n'kukuwa osatembenuka. Thonje likachuluka limakankha matabwa, likachepa madzi apeza njira. Pamwamba pake anathira phula lotentha, kenako penti.

Dzuwa lili paliwombo anyamata atatu anasamba n'kupita kumzikiti, ntchito inaima. Tinakhala pamthunzi ndi amisiri tikudya chinangwa chootcha. Iwo luso analitenga kwa malume awo, amene anaphunzira ku Mpwepwe ku Mangochi, kumene kuli sukulu ya zausodzi ndi malo okhomera maboti.

Tinakambanso za kale. Zombo zamatabwa zoyenda ndi matanga zinayamba kuoneka panyanja ino nthawi ya Jumbe, Salim bin Abdullah, amene anakhazikika ku Nkhotakota m'zaka za m'ma 1840. Zinkawolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo kupita kutsidya la kum'mawa, paulendo wa ku Kilwa. David Livingstone atafika ku Nkhotakota mu 1863 anapeza chombo china chikukhomedwa. Ndikaganiza kuti panali mmisiri amene anasankha nthiti mosamala chonchi, n'kupota thonje, kuti chombo chisamire ndi anthu omangidwa magoli, mtima umandiwawa. Sitima zachitsulo zinabwera pambuyo. Ilala yoyamba, ya amishoni a Livingstonia, inafika mu 1875 ili zidutswazidutswa, anthu mazanamazana ataisenza pamutu kulambalala mathithi a Shire, n'kuilumikizanso kumtunda kwake. Ilala imene tikuidziwa lero inapangidwa ku Scotland mu 1949, inalumikizidwa ku Monkey Bay, n'kuyamba kuyenda mu 1951. Koma usipa umene timagula pamsika wa Dedza kapena pa Lizulu subwera ndi sitima. Umatuluka m'madzi ndi maboti a pansi pa mango ngati awa.

Loweruka

Mwera unagona usiku, nyanja inadzuka ili phee. Mudzi wonse unabwera kudzakankha boti latsopano. Anayala zipika pamchenga, mkulu wina anapemphera, wina anayambitsa nyimbo yokokera khoka, ndipo boti linayamba kuyenda, ana akuthamangitsa zipika zotsala kumbuyo kukaziika kutsogolo. Mphuno itakhudza madzi amayi anaimba nthungululu.

Linakhala bwino pamadzi, losapendekera. Koma posakhalitsa timadzi tinayamba kulowa m'mizere iwiri ya pansi. Mwini wake nkhope inagwa. Amisiri analowamo, anagwada, anakhudza timadzito n'kunena kuti, "Lisiyeni limwe. Pofika Lachiwiri mudzandiuze." Thabwa louma likamwa madzi limafufuma m'lifupi mwake, m'litali ayi, ndiye matabwa amakankhana n'kufinya thonje lija. Zimene zimandivutitsa ine nyengo ya mvula, zitseko zikamakana kutsekeka, kuno ndiye chomalizira ntchito.

Madzulo alamu anati, "Alamu, simungabwerere kumapiri osalawa nyanja." Ndinakwera nawo boti lawo lakale, limene anakhoma amisiri omwewa. Injini ya Yamaha inatikankha mpaka magetsi a kumtunda anasanduka timadontho. Siginala anapalasa kabwato kake patsogolo, nyali zikuwala, kudikira kuti usipa usonkhane pansi pake. Kenako maboti awiri anazungulira ndi chilimira, amuna akukoka zingwe mogwirizana. Chapakati pa usiku kamphepo kanadzuka ndipo mafunde anayamba kumenya m'mimba mwa boti. Ndinakhala pansi n'kugwira nthiti imodzi. Funde likamenya ndimaimva ikugonja pang'ono n'kubwerera, boti lonse likupuma ngati chifuwa cha ng'ombe. Mnyamata wokapa madzi anali pambali panga ndi chigubu chodula, osaphonya. Pansi pa chala changa panali nsonga ya msomali yopindidwa bwinobwino, yosalala chifukwa cha mapazi a anthu.

Tinakocheza kukucha, ndi usipa wodzaza mabeseni angapo. Amayi ogula anali atafika kale m'madzi mpaka m'mawondo.

Lamulungu

Ndatsanzika titatuluka m'tchalitchi. Achemwali andimangira usipa wofutsa ndi mpunga. Amisiri ndinawapeza pansi pa mango ngakhale sinali tsiku la ntchito, akuyang'ana boti la alamu chapatali, diso limodzi lotsinzina. Anandipatsa mawaya atatu opindidwa, omangidwa pamodzi ndi luzi.

"Kumtunda kwanuko mitengo ikadalipo. Mukaona nthambi yogwirizana ndi awa, musaiotche. Ndipo matabwa asanu aja mubweze ena, opanda choyera."

"Ndamva, bambo. Ndibwera nawo ndekha mwezi wamawa."

Tili pa Golomoti kudikira minibasi yokwera Khwekhwelere, ndinakumbukira kuti kuseri kwa shedi yanga kuli nthambi za mtengo wa mbawa uja wa ku Linthipe, zimene ndinauza mnyamata wanga kuti aziwaze nkhuni sabata ino. Ndamuimbira foni pompano. Wati anawazako ziwiri Lachinayi, zinayi zikadalipo. Ndamuuza azilowetse m'shedi, aziike pamwamba pa zipika, asazikhudze mpaka ndifike ndi mawaya.